Kumaphwando a anthu a geni pitani ndi makhadi, mpamba musiye kunyumba

Achimwene ndi achemwali ochita geni kunja kuno, maphwando aja amalengezedwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, oti aliyense avale zoyera, kapena a pa 25 May pokumbukira Africa Day, kapena athu a pa 6 July, ine sindikuwaletsa. Pitani. Mlendo mumzinda sangayambe kugogoda m'maofesi a anthu osamudziwa, koma pamene nyimbo ikulira aliyense atagwira tambula, ngakhale mwini holoselo amayankha moni. Chimene ndikukana n'kutulutsa ndalama chifukwa cha mawu omwe mwamva usiku umenewo.

Kupeza zochitikazi si nkhani: yang'anani pa mawebusayiti olengeza zochitika monga Meetup, Eventbrite, kapena Quicket ngati muli ku South Africa. Ku Cape Town kuli First Thursdays, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, ndipo mu November mayiko ambiri amachita Global Entrepreneurship Week. Lembetsani, fikani msanga, basi.

Vuto ndi madobadoba. Wanga anandipeza ku Johannesburg, paphwando la padenga la nyumba yosanja, loti ndi la anthu ooda katundu ku China. Suti yabwino, Chichewa chosasakaniza, tisanadziwane n'komwe anali atayamba kale kunditchula mphwake. Akuti ali ndi kontena yochokera ku Guangzhou yodzatsikira padoko la Durban, malo atsala pang'ono, ndipo iye sangalole kuti apite kwa anthu a mayiko ena pamene akwawo tilipo. Pafoni anali ndi zithunzi zake ali ku Canton Fair, chiwonetsero chachikulu cha malonda cha ku Guangzhou. Chiwonetserocho n'chenicheni, chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pachaka, koma pageti pake aliyense akhoza kujambulitsa. Amuna awiri oima pambali pake ankangovomerezera, winayo n'kumalumbira kuti katundu wake anafika osasowa ngakhale katoni imodzi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti atatuwa amayendera limodzi, lero phwando ili, mawa lina.

Dipoziti yanga inalowa mu akaunti ya dzina la munthu, akuti ya kampani ikukonzedwa kubanki. Risiti inabwera pa WhatsApp, chidindo chake chokongola zedi. Kenaka nkhani zinayamba: sitima yachedwa panyanja, akasitomu agwira kontena, onjezerani kangachepe tiwombole. Tsiku lina gulu lathu la pa WhatsApp linatsekedwa kuti azilemba ndi ma admin okha, nambala n'kuzima. Ofesi yolembedwa parisiti ndinakaipeza, chipinda chochita kubwereka pa ola, ndipo mlonda dzinalo anali asanalimvepo. Kupolisi anandipatsa nambala ya mlandu, zinathera pomwepo.

Koma amene amandiwawa mpaka lero ndi okonza phwando. Anadya ndalama zathu za matikiti, anamupatsa munthuyo maikolofoni pamaso pa tonse, anamuwombera m'manja. Nditapita kukawafunsa, yankho linali lakuti ifetu tinangopereka malo. Ndiye mvetsetsani: kuona munthu akulankhula kutsogolo si umboni woti wina anamufufuza. Nthawi zambiri mpata umenewo amachita kugula.

Munthu akati ali ndi kampani, pemphani nambala yake yolembetsera mukaione ku CIPC, bungwe la boma lolembetsa makampani ku South Africa, kapena ku Companies House ngati muli ku UK. Akati amachulukitsa ndalama ndi forex kapena bitcoin, funsani nambala ya FSP, ya chilolezo chochokera ku FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa. Akakwiya ndi funso limenelo, mwayankhidwa. Mirror Trading International, kampani ya ku South Africa yomwe inkati imachulukitsa bitcoin, inagwa mu December 2020 anthu ambirimbiri atataya ndalama, mkulu wake Johann Steynberg n'kukagwidwa ku Brazil chaka chotsatira, koma mpaka pano pali abale athu amene amakhala mu holo n'kumaombera m'manja munthu wowauza kuti bweretsani anzanu atatu mulemere. Tatsegulani maso, inu!

Musatumize chithunzi cha pasipoti yanu kwa munthu amene mwangokumana naye, ngakhale anene kuti n'cholembetsera mndandanda wa alendo. Musaulule komwe mumaoda katundu ndi mtengo wake. Wofunsayo mwina akufuna kukupikulani makasitomala. Ndipo amene akuti akukonzerani business visa ya ku South Africa ndi ndalama zochepa akukunamizani, poti lamulo limatchula mpamba wa R5 miliyoni. Inu olowa ndi masiku 30 a mlendo, kucheza ndi anthu paphwando palibe mlandu, koma werengani masiku anu bwino. Mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, kuposa pamenepo ndi zaka zisanu. Anthu onse mwadziwana nawo aja adzakuthandizani chiyani inu mutatsekeredwa pa Beitbridge?

Maphwando amene amabala zipatso, mwa kuona kwanga, ndi ang'onoang'ono, a mutu umodzi, osoka okhaokha kapena onyamula katundu okhaokha, opanda kapeti yofiira. Nyimbo ikakhala yokwera moti simukumvana, amenewo ndi madansi, vinani muzipita. Lankhulani ndi anthu ochepa, funsani chimene chikuwavuta pageni yawo m'malo molalikira za yanu, ndipo lembani kuseri kwa khadi zimene mwakambirana, chifukwa pofika mawa nkhope zonse zasokonekera. M'mawa mwake tumizani uthenga waufupi, kenaka pemphani kukumana masana pamalo pamene munthuyo amagwirira ntchito. Mukaone shopu, mukaone katundu pashelefu, mulankhule ndi antchito ake. Akamangokuitanirani kumalo odyera a kuhotela, kachiwiri, kachitatu, fufutani nambalayo.