Mabatani a kamera akakana pansi pa madzi: momwe mungapezere vuto

Kamera yomwe ili m'bokosi lake loteteza kumadzi imatha kugwira bwinobwino pamtunda, koma n'kuyamba kuvuta mukangofika mamita 20 kapena 25. Mukanikiza batani lojambulira, zii. Menyu ikungotseguka yokha. Ambiri amathamangira kunena kuti kamera yafa, chonsecho nthawi zambiri wolakwa ndi batani limodzi lomwe madzi alikanikiza ndipo silikubwerera. Makamera ambiri batani limodzi likakhala lokanikizidwa samveranso mabatani enawo.

Mamita 10 aliwonse omwe mukutsika, madzi amawonjezera mphamvu ya bar imodzi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, pomwe mpweya wa m'bokosi umakhala momwe unalili pamtunda. Batani lililonse la pabokosi ndi kachitsulo kodutsa pakhoma la bokosilo, kokhala ndi O-ring (kamphira kozungulira ngati mphete) yotseka madzi komanso sipuling'i yolibweza kunja. Sipuling'iyo ikatopa, kapena mchere ukaumira pakachitsuloko, madzi amapambana. Ndiye chinthu choyenera kuchigwira pamtima ndi kuya komwe vuto layambira, chifukwa ndiko kumaulula gwero lake.

1. Yambani mwaona ngati madzi sakulowa

Lozetsani galasi la kutsogolo pansi, muone ngati mukusonkhana madontho. Ngati alamu yochenjeza za madzi m'bokosi yalira kapena mwaona madzi, zimitsani kamera, isungeni choloza pansi chomwecho, mupatseni chizindikiro mnzanu, muyambe kukwera mwa dongosolo. Musathamange, ndipo kuima kwa mphindi 3 pa mamita 5 musakudumphe chifukwa cha kamera.

2. Kwerani pang'ono muyesenso

Ngati mkati ndi mouma, kwerani mamita 3 mpaka 5. Mabatani akayambanso kumvera, vuto ndi mphamvu ya madzi basi, kamera ilibe mlandu. Akakanabe ngakhale pafupi ndi pamwamba, ganizirani za kakhalidwe ka kamera m'bokosimo kapena zosankha za m'menyu. Lowezani kuya komwe kompyuta ya pamkono ikuonetsa, mudzakufuna poyesa mukakonza.

3. Sakani batani lomira

Yang'anani bokosi cha m'mbali. Batani lomwe lakhala pansi kuposa anzake ndilo. Likokeni ndi chikhadabo pang'onopang'ono, molunjika, osalipotokola kapena kulikankhira m'mbali, poti kutero kumatsegulira madzi njira pa O-ring. Mpeni usayandikire. Likabwerera, zimitsani kamera n'kuyatsanso, ndipo batani limenelo mulisiye mpaka mutuluke. Onaninso kandodo kojambulira: kakakhala kokanikizika theka, kamera imangosakasaka fokasi osalola china chilichonse.

4. Pamtunda, chotsani mchere

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amangodutsapo. Kungothira madzi pamwamba sikufika mu timabowo ta mabatani. Chotsani kamera, tsekani bokosi, muliviike m'madzi opanda mchere, ofunda pang'ono, kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Lili m'madzimo kanikizani batani lililonse kambirimbiri, ndipo timagudumu tonse muzungulitse uku ndi uku. Batani labwino limabwerera mwachangu, lodwala limabwera mokwawa kapena kumveka ngati muli mchenga. Ngati mcherewo ndi wakalekale, lisiyeni usiku wonse.

Likauma, kanikizani batani, mupake girisi pang'ono kwambiri pakachitsulo komwe katulukira mkati, kenako mulikanikize kangapo kuti girisiyo afike pa O-ring. Gwiritsani ntchito girisi yemwe opanga bokosilo anena. Ma O-ring ena ndi a silikoni, ndipo girisi wamba wa silikoni amawatupitsa, batani n'kuuma kuposa kale. Mafuta opopera ngati WD-40 kapena Vaseline ayi ndithu, amawononga mphira.

Kuchotsa batani lonse n'kotheka, popeza limagwidwa ndi kachitsulo kotchedwa E-clip mkati. Koma kachitsuloka kakapindika kapena kakapanda kukhala bwino, batani limatha kusololoka muli pansi. Ngati mulibe ma E-clip ndi ma O-ring atsopano a saizi yake, atumizireni amisiri.

5. Onani momwe kamera yakhalira

Sikuluwu ya pansi yomangira kamera ikamasuka pang'ono, kamera imasuntha ndi milimita imodzi, ndipo timphira ta kumapeto kwa mabatani timaphonya kapena kukhudza batani loyandikana nalo. Mangani bwino, chotsani lamba ndi tizitsulo take, onetsetsani kuti sikirini yapindidwa mpaka kumapeto. Kathumba koyamwa chinyezi kamathanso kugwa n'kutsekereza kandodo, choncho kaikeni pomwe sikangayende. Giya ya zumu ikamazungulira lenzi osasuntha, ndiye kuti mano sanalumane.

Mabokosi a pulasitiki ya polycarbonate amapindika pang'ono mukatsika kwambiri, chitseko cha kumbuyo n'kuyandikira kamera. Kamphira komwe pamtunda kamangotsala pang'ono kukhudza, pansi kamakanikiza. Mukatseka bokosi, suzumirani kudzera m'pulasitikimo muone ngati pali kampata pakati pa kamphira kalikonse ndi batani la kamera. Ngati muli ndi pampu yochotsa mpweya, yesani mabatani onse mutapopa kale, chifukwa kupopako nako kumakokera zinthu mkati.

6. Zina ndi za m'menyu

Zimitsani zoti sikirini izimva kukhudza. Pa makamera okhala ndi sensa ya diso, chitseko cha bokosi chimaiphimba, kamera n'kuganiza kuti mwaika diso, sikirini n'kuzima. Sankhani kuti chithunzi chizioneka pa sikirini pokha. Batire nalo limafooka msanga m'madzi ozizira.

7. Yesani bokosi lopanda kamera

Ikanimo kapepala kofewa koonera ngati madzi alowa, ndi kolemetsa kokulunga bwino, mutsike nalo mpaka kuya komwe vuto linayambira, mukanikize batani lililonse. Lomwe lamirabe likufunika sipuling'i yatsopano, ndipo opanga ena amagulitsa zolimba zopangira kuya kwakukulu. Werenganinso malire olembedwa pabokosi lanu: mabokosi ang'onoang'ono a Canon ambiri ndi a mamita 40, PT-059 ya Olympus ndi ya mamita 45, a Ikelite ambiri ndi a mamita 60, pomwe a aluminiyamu a Nauticam ambiri amafika mamita 100. Ngati batani likumira pa mamita 20 m'bokosi la mamita 60 ngakhale mwaviika ndi kupaka girisi, bokosilo lipite kukasinthidwa masipuling'i ndi ma O-ring onse musanalowenso nalo m'madzi muli kamera.