Kusankha makorali opirira a mu thanki ya madzi amchere ku Lusaka

Aliyense wofuna kuweta makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomera pamiyala) okhala ndi chigoba cha mwala kuno ku Lusaka ayenera kuwasankha poganizira kupirira kwawo, osati kukongola, chifukwa magetsi akathima pampu imaima, madzi amaleka kuyenda, ndipo mpweya wa m'madzimo umayamba kuchepa. Usiku wa mu June ndi July thanki imazizira msanga, pamene mu October imatentha kwambiri, chonsecho makorali amafuna madigiri 24 mpaka 26 osasinthasintha. Ngati mulibe hita, fani ndi batire loyendetsa pampu, gulani zimenezo kaye.

Oyamba kumene ayambe ndi gulu lotchedwa LPS, la makorali a minofu yofufuma. Caulastrea ndi amene ine ndingawaike patsogolo, popeza safuna kuwala kwambiri, ndiponso mutu uliwonse uli pa nthambi yake, moti umodzi ukadwala mungathe kuudula n'kupulumutsa otsalawo. Duncanopsammia, amene amapezeka kwambiri m'nyanja za ku Australia, nawonso ndi ofatsa, ndipo mukamawapatsa tizidutswa ta nkhanu kapena ta nsomba amaphuka mitu yatsopano mwachangu. Euphyllia ndi okongola zedi, koma amatambasula timanja toluma timene timapsereza anzawo oyandikana nawo, choncho muwapatse malo okwanira ndipo madzi aziwawomba pang'onopang'ono.

Gulu lotchedwa SPS, la makorali a timitu ting'onoting'ono ndi minofu yopyapyala, ndi lovutirapo. Thanki ikakhazikika kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, mungayese Montipora digitata, Montipora capricornis kapena Pocillopora damicornis, muwaike chapamwamba pomwe pali kuwala kochuluka ndi madzi othamanga. Acropora muwasiyire akatswiri, ngakhale wogulitsa atawatama motani, chifukwa madzi akangosintha pang'ono minofu yawo imatha kusendeka usiku umodzi wokha. Goniopora ali ndi mbiri yofota pakapita miyezi, ndipo Tubastraea alibe ndere zimene zimapangira makorali ena chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, motero amafuna kudyetsedwa kawirikawiri, kamwa lililonse palokha.

Pogula, yang'anitsitsani ngati minofu yaphimba chigoba chonse. Pamene paoneka mwala woyera kapena zonanda zofiirira, dziwani kuti pali matenda. Tizidutswa tokulitsidwa mu thanki ya munthu wina timazolowera msanga kusiyana ndi makorali othyoledwa m'nyanja, ndipo ulendo wake umakhala waufupi, zimene zili zofunika m'dziko lopanda gombe ngati Zambia. Makorali onse a chigoba cha mwala ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, choncho ochokera kunja ayenera kukhala ndi zikalata zake. Musanawaike mu thanki, aviikeni m'mankhwala ophera tizilombo ta pa makorali.

Madzi a m'zitsime zambiri za mumzinda uno amadutsa m'miyala ya laimu ndipo ena amakhala ndi nitrate, choncho asefeni ndi makina a RO, omwe amachotsa zinthu zosungunuka m'madzi, musanasungunulemo mchere wopangidwira makorali. Mchere ukhale pa 1.025 (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi wamba), calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pa 8 kapena 9 dKH. Yezani sabata iliyonse, chifukwa makorali akamakula amamwa zinthu zimenezi pomanga chigoba, ndipo alkalinity ndi imene imayamba kutsika.