Mpando wa mwana wa ISOFIX: yambirani kugalimoto, kusitolo mupite pambuyo

Ambiri nkhani ya mpando wa mwana wa m'galimoto imatipeza mochedwa, mimba ili kale miyezi isanu ndi itatu, chikwama cha kuchipatala chili pakhomo. Mnzanu wa kuntchito angofunsa kuti, "Nanga mpando mwagula?" basi mtima uli phaa. Mukatsegula intaneti mumapeza mipando yambirimbiri, yonse yolembedwa ISOFIX, yonse yokongola pa chithunzi. Ine ndinagula mwa njira imeneyi, ndipo mpando wake sunagwirizane ndi galimoto yanga.

Choncho foni ikhale kaye pansi. Pitani pagalimoto, tsegulani chitseko chakumbuyo, mulowetse zala pampata pamene pokhalira pakumana ndi potsamira. Ngati galimotoyo ili ndi ISOFIX, mukhudza tizitsulo tiwiri tozizira, topindika, totalikirana masentimita 28. Pena timabisika ndi kachivindikiro kapulasitiki kapena zipi, ndipo pafupi pamakhala kachizindikiro ka mwana ali pampando. Tizitsuloti ndi tolumikizidwa ku thupi lenileni la galimoto. Mpando wa mwana umakhala ndi manja awiri achitsulo amene amaluma tizitsuloti, moti mpando ndi galimoto zimasanduka chinthu chimodzi. Njirayi inayamba kuoneka mu 1997, pamene kampani yopanga mipando ya ana ya Britax Römer ndi kampani ya Volkswagen anaiika m'galimoto ya Golf, ndipo cholinga chake chinali kuthana ndi vuto lakale: makolo ambiri ankadutsitsa lamba wa galimoto molakwika pomangirira mpando, kapena kumusiya wolendewera. Ku Europe galimoto zonse zatsopano zimakhala nayo kuyambira November 2014. Ku America amaitcha LATCH ndipo inakhala lamulo mu September 2002, pomwe ku Canada amati UAS. Ngati galimoto yanu ndi yakale kuposa pamenepo, monga zambiri zimene timayambira tikangofika kumayiko akunja, musaganizire chabe, fufuzani ndi dzanja komanso m'buku la galimotoyo. Kawirikawiri tizitsuloti timapezeka pa mipando iwiri ya m'mbali, wapakati ulibe. Musabwereke kachitsulo kamodzi uku kena uko kuti mwana akhale pakati, pokhapokha mabuku onse awiri, la galimoto ndi la mpando, atalola.

Tizitsulo tiwiri tokha sitikwanira, ndipo apa ndi pamene ndinapunthwa. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, mpando wogwidwa pansi pokha umafuna kugudubukira kutsogolo. Pamafunika pogwirira pachitatu. Mipando ina ili ndi mwendo umene umatsika n'kuponda pansi pa galimoto. Ina ili ndi lamba wochokera kumutu kwa mpando, amene m'mabuku amamutcha top tether, wokakoledwa kumbuyo.

Wanga unali wa mwendo. Ndinauika, mwendo n'kuponda pakapeti, ine n'kumadzitama kuti ntchito ndaigwira. Patapita masabata angapo, ndikutola zinyenyeswa, ndinanyamula kapetiyo n'kupeza kuti pansi pake pali chivindikiro cha kabokosi kosungiramo zinthu. Mwendo wonse uja unkaponda papulasitiki, pansi pali mphako. Pangozi chivindikiro chotere chikhoza kuthyoka, mwendo n'kulowa, mpando n'kupendama mwana ali momwemo. Buku la galimoto linali litanena kale zimenezi, kungoti linali m'kabati ya kutsogolo lisanatsegulidwepo. Galimoto zambiri za banja, zazitali zija, zimakhala ndi timabokosi timeneti. Nyamulani kapeti musanagule mpando wa mwendo.

Wa lamba nawonso uli ndi msampha wake. M'buti mumakhala tingowe tomangirira katundu, ndipo timafanana kwambiri ndi pokolera lambayo. Polondola pamakhala chizindikiro cha nangula, ndipo pamapezeka kuseri kwa potsamira, pansi m'buti, kapena kudenga. Kangowe ka katundu sanakapangire mphamvu ya ngozi. Makampani opanga mipando amaika pa mawebusaiti awo mndandanda wa galimoto zimene mpando uliwonse umakwanira, dzina ndi chaka chake. Yang'anani yanu pamenepo, ndipo ngati sitolo ikulola, kayeseni mpandowo m'galimoto musanalipire.

Tsopano mutembenuze mpandowo. Ku UK ndi ku Europe, wovomerezeka umakhala ndi sitika ya olenji yokhala ndi chilembo E m'kabwalo, ndi nambala ya dziko limene linauvomereza: E1 ndi Germany, E4 ndi Netherlands, E11 ndi UK. Pa sitikayo pamalembedwa R129 kapena R44. R44 ndi muyezo wakale, umagawa mipando potengera kulemera kwa mwana. R129, umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti i-Size, unayamba mu 2013, umatengera msinkhu, ndipo mpando umayesedwanso pa ngozi yogundidwa m'mbali, zimene R44 sinkafuna. M'mayiko a European Union masitolo analetsedwa kugulitsa mipando ya R44 kuyambira pa 1 September 2024. Ngati mukugula watsopano, tengani wa R129. Mpando wopanda sitika, ngakhale utatchipa bwanji pa intaneti, usiyeni. Ina mwa imeneyo ndi nsalu ndi timalamba chabe.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife makamaka, chifukwa abale athu anamwazikana. Achemwali a ku Texas akumva kuti mwabereka ku Manchester, akufuna kukutumizirani mpando umene mwana wawo wausiya. Mtima wake ndi wabwino, koma mpando wa ku America umatsata muyezo wa FMVSS 213, ulibe sitika ya E, ndipo lamulo la ku UK siliuvomereza. Wa ku Europe nawonso suloledwa ku America. Ku Australia ali ndi muyezo wawowawo, AS/NZS 1754, ndipo mipando yakunja saivomereza. Athokozeni bwinobwino, muwapemphe atumize zina.

Malamulo a zaka amasiyana. Ku UK mwana amakhala pampando wake mpaka zaka 12 kapena masentimita 135, chimene chayamba kufika, ndipo dalaivala akhoza kulipitsidwa mpaka £500. Ku Germany malire ndi zaka 12 kapena masentimita 150. Ku Ireland ndi masentimita 150 kapena makilogalamu 36. Ku South Africa, kuyambira 2015, mwana wosakwana zaka zitatu ayenera kukhala pampando wake. Ku America boma la dera lililonse lili ndi lamulo lake. Amene mumadutsa malire pagalimoto, tsatani lokhwima.

Koma lamulo limangonena pochepera. Pa R129 mwana ayenera kuyang'ana kumbuyo mpaka miyezi 15, ndipo makolo ambiri amamutembenuza tsiku lomwelo ngati kuti wakhoza mayeso. Ine ndimati musafulumire. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, khosi lake likadali lanthete. Akayang'ana kutsogolo, galimoto n'kugunda, malamba amagwira thupi koma mutu umapitirira, mphamvu yonse n'kuthera pakhosi. Akayang'ana kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimakankhidwira pamodzi m'chigoba cha mpando. Ku Sweden ana amayenda chakumbuyo mpaka pafupifupi zaka zinayi, ndipo kumeneko kuli mayeso otchedwa Plus Test, oyeza mphamvu yofika pakhosi, amene mipando yoyang'ana kumbuyo yokha ndiyo imapambana. Mukaona chizindikiro chake pa mpando, ndi umboni wabwino. Zotsatira za mabungwe amene amayesa mipando, ADAC ya ku Germany ndi Which? ya ku UK, nazonso zimathandiza posankha. Agogo akabwera kudzacheza adzadandaula kuti miyendo ya mdzukulu yapindika. Muwauze mwaulemu kuti ana amakhala chopinda miyendo ngakhale pansi pabalaza. Ndipo mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo airbag (thumba la mpweya limene limafufuma pangozi) ili yoyaka. Imatuluka ndi mphamvu yoti ikhoza kupha mwana.

Tizitsulo tija tili ndi malire. Pa i-Size, mwana ndi mpando pamodzi asapitirire makilogalamu 33. Ku America malire a kulemera kumeneku ndi mapaundi 65, ndipo mukafika pamenepo mpando umamangidwa ndi lamba wa galimoto. Pa mipando ya ana okulirapo, ija yongomukweza, ISOFIX imangogwira mpando kuti usamayendeyende, chogwira mwana ndi lamba wa galimoto, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, osati pakhosi kapena pamimba.

Za mpando wogwiritsidwapo kale ntchito ndikudziwa kuti zimakopa, makamaka chaka choyamba ndalama zikamathera lendi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpando umene unakhalapo pangozi ukhoza kukhala ndi ming'alu yosaoneka, nsalu yake ili yowala. Wogulitsa pa Facebook Marketplace simukumudziwa, ndipo mbiri ya mpandowo simungaione ndi maso. Ngati mukulandira kwa munthu amene mumamukhulupirira, funsani mosapita m'mbali ngati galimoto yake inagundapo, onani tsiku limene mpando unapangidwa, ndipo buku lake libwere. Mipando ya ku America ndi ku Canada imakhalanso ndi tsiku lothera ntchito lodindidwa pachigoba. Watsopano wotchipa koma wokhala ndi sitika yoyenera ndi wabwino kuposa wa dzina lotchuka umene simukudziwa kumene wadutsa. Komanso galimoto yopanda ISOFIX si tsoka. Mpando womangidwa bwino ndi lamba umateteza ndithu, kungoti umafuna kusamala kwambiri pouika.

Pouika, kankhani mpaka mumve kuti kha! mbali zonse ziwiri, ndipo tizizindikiro tisinthe kuchoka kofiira kukhala kobiriwira. Kuluma mbali imodzi yokha kumachitika kawirikawiri, makamaka mumdima kapena mukafulumira. Kenako kankhirani mpando ku potsamira, mugwire pafupi ndi tizitsulo, muugwedeze. Usasunthe kupitirira masentimita awiri ndi theka.

Chotsala ndi jekete. Nyengo yozizira timaveka ana zokhuthala mpaka kuoneka ngati mtolo, n'kuwamanga momwemo. Malamba amaoneka othina, koma pangozi jekete imaphwa, mwana n'kutsala m'malamba otayirira. Muvuleni, mum'mange, kenako mum'funditse bulangete kapena jekete yomweyo pamwamba. Mukamanga, yesani kutsina lamba paphewa pake ndi zala ziwiri. Akatsinika, kokaninso.