Laser yodzipangira ikuwala mofooka: muyambire apa

Achimwene ena a ku Mufakose, mu Harare, afunsa za laser yawo yofiira ya 650nm, yoyendera LM317 (kachipangizo kowongolera kuchuluka kwa magetsi) ndi batire imodzi ya mtundu wa 18650, kuti kadontho kake sikakuoneka bwino pakhoma. Musanagwire kalikonse valani magalasi otchinga kuwala kofiira, ndipo musasuzumiremo ngakhale ikuoneka yofooka. Imaotchabe diso.

Yambani ndi batire, ine ndikukayikira pomwepa. 18650 yodzaza imapereka 4.2V, pamene LM317 payokha imadya pafupifupi 3V, diode ya laser (kachipangizo kotulutsa kuwalako) nayo ikufuna yoposa 2V. Sizingakwane, achimwene. Lumikizani mabatire awiri motsatizana.

Kenako chotsani diode, m'malo mwake muike ma diode wamba atatu a 1N4007 ndi resistor ya 1 ohm motsatizana. Yezani ndi multimeter pa resistor imeneyo: millivolt iliyonse ndi milliamp imodzi. Current yoyenera kutuluka mumaipeza mu ma amp pogawa 1.25 ndi ma ohm a resistor ya pa LM317. Yerekezani ndi datasheet (pepala la opanga lofotokoza malire ake) ya diode yanu, osapyola. Musanabwezeretse diode, tulutsani kaye magetsi otsalira mu capacitor (kachipangizo kosunga magetsi), apo ayi muiotcha nokha.

Lens ipukuteni ndi kathonje konyowetsa isopropyl, muipotoze mpaka kadontho kachepe.

Laser ikamayamba bwino n'kumazilala pakapita kanthawi, ikutentha. Ikufuna heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) yogwira bwino.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikungowala mwambee ngati LED, diode yafa. Nyengo youma ya June ndi July kuno ku Harare static (magetsi ounjikana pathupi ndi pazovala) imachuluka, ndipo kungoigwira miyendo ndi zala kukhoza kuipha. Imeneyo siikonzeka, gulani ina.