Wogula akalipira laisensi yaing'ono koma n'kumagulitsa ngati wagula yaikulu

Ndimajambula mapatani ndi tizithunzi pa kompyuta n'kumagulitsa pa misika ya pa intaneti. Tsiku lina ndikufufuza zina, ndinangoona patani yanga ya masamba itasindikizidwa pa makapu, zikwama ndi malaya, zonse zili pamalonda. Nditayang'ana m'kaundula wa ogula, dzina la wogulitsayo linalimo ndithu. Anagula, inde, koma laisensi yotsikitsitsa, ija yongogwiritsa ntchito pa zako osapindula nazo. Zinandiwawa, ndipo kalata imene ndinalemba usiku umenewo inali yaukali. Sindinaitumize. Njira imene ndinatsata m'malo mwake ndi imene ndikupatsani pano.

Musanaloze munthu chala, werengani nokha laisensi ya pamsika pomwe anagulirapo, chifukwa msika uliwonse uli ndi malire ake. Ku Envato, komwe kuli ThemeForest ndi CodeCanyon, kuli Regular ndi Extended. Zonse ziwiri ndi za ntchito imodzi yokha. Kusiyana kwake n'kwakuti ngati anthu azilipira kuti apeze chinthu chomwe chapangidwacho, pafunika Extended. Choncho wopanga mawebusayiti amene wagula template imodzi (maonekedwe a webusayiti okonzedwa kale) n'kuiika pa mawebusayiti a makasitomala asanu ayenera kukhala ndi malaisensi asanu, ngakhale onsewo atakhala Regular. Ku Shutterstock malire ndi chiwerengero: Standard imalola kusindikiza mpaka makope 500,000, koma kuika chithunzi pa katundu wogulitsa kumafuna Enhanced. Creative Market ili ndi magawo atatu, Personal, Commercial ndi Extended Commercial. Mafonti (mitundu ya kaonekedwe ka zilembo) ndiye amasokoneza anthu kwambiri, poti laisensi ya pa kompyuta siyiphatikiza kuika fontiyo pa webusayiti kapena mu app. Onaninso zimene laisensiyo inkanena pa tsiku limene munthuyo anagula. Malamulo a misika amasintha, ndipo wogula amayenera kutsatira amene anavomereza panthawiyo, osati a lero.

Kenako sonkhanitsani umboni mwakachetechete. Jambulani tsamba lonse, adiresi yake ikuoneka, lembani tsiku, ndipo sungani pamodzi ndi fayilo yanu yoyambirira ndi nambala ya risiti. Google Lens ndi TinEye zimathandiza kupeza malo ena komwe chithunzicho chafika. Chitani zimenezi musanalembe kalata, chifukwa munthu akadziwa kuti mwamuona, tsamba limatha kusowa usiku womwewo.

Pali pamene ambiri timapunthwa. Dzina la kampani likapanda kupezeka m'kaundula wanu, sikuti yaba. Nthawi zambiri amene anagula ndi wojambula kapena kampani yotsatsa malonda imene inalembedwa ntchitoyo, ndipo laisensi ili m'dzina lake. Misika inanso sikuonetsani n'komwe dzina lenileni la wogula. N'chifukwa chake kalata yoyamba iyenera kukhala funso. Yanga imakhala yaifupi chonchi:

"Zikomo pogwiritsa ntchito patani yanga pa katundu wanu. Ndikulongosola kaundula wa malaisensi, ndiye ndimapempha mundithandize ndi nambala ya risiti. Pa katundu wogulitsa pamafunika laisensi yaikulu. Ngati muli ndi yaing'ono, mukhoza kukweza kudzera pa linki ili, ndipo ndingathokoze mutatero pasanathe masiku 14."

Mulibe mawu oti kuba, mulibe loya, mulibe khoti. Ndimatero osati chifukwa cha mantha. Munthu amene anatulutsa ndalama n'kugula ndi wosiyana ndi amene anangotsitsa fayilo pa webusayiti ya zakuba. Woyambayo anafuna kuchita bwino koma anasankha batani lotchipa osawerenga, ndipo mukamupatsa khomo lotulukira popanda manyazi, amalipira n'kudzabweranso. Wa makapu uja anayankha m'mawa mwake, napepesa, nakweza laisensi. Chikhala kuti ndinatumiza kalata yaukali ija, bwenzi tikukanganabe.

Kukwezako kudutse pamsika pomwepo, osati kukutumizirani ndalama kumbali. Misika yambiri imaletsa zimenezo, komanso wogulayo amafunika chikalata chenicheni choti adzaonetse mawa.

Masiku aja akatha osayankhidwa, ndimakumbutsa kamodzi, mwachidule, ndikutchula gawo la laisensi limene laphwanyidwa. Akakhalabe chete, ndimapereka umboni wonse kwa oyang'anira msikawo, poti ndi iwo amene angaone mbiri yonse ya akaunti yake. Chomaliza penipeni ndi kupempha kuti zinthuzo zichotsedwe pa intaneti. Makampani ambiri osunga mawebusayiti ndi misika ikuluikulu amatsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998, lokhudza umwini wa ntchito zaluso pa intaneti. Mumalemba kalata yonena ntchito yanu, pomwe yaikidwa, ndi momwe angakupezereni, ndipo mumalumbira kuti ndinu mwini wake kapena womuimira. Musachite zimenezi ndi mkwiyo. Winayo ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo lamulo lomwelo limalanga amene wanama mwadala. Ngati katundu wagulitsidwa wochuluka zedi, apa ndiye pofunika loya wodziwa za umwini wa ntchito zaluso, osati imelo yachinayi.

Ogulitsa ma theme (maonekedwe a webusayiti) ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa webusayiti) ali ndi chida china: kiyi ya laisensi, nambala yapadera yotsimikizira kuti munthu anagula. Envato imapereka purchase code pa kugula kulikonse, Gumroad nayo imatha kupanga makiyi, ndipo pulogalamu yanu ikhoza kufunsa ngati kiyiyo yagwiritsidwa kale pa webusayiti ina. Langizo langa ndi lakuti kiyiyo izitsekera zosintha zatsopano ndi chithandizo basi. Ikamazimitsa webusayiti yonse, amene amavutika ndi wogula wachilungamo tsiku limene seva yanu yagwa. Kumbukiraninso kuti mbali ya PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ya theme ya WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, imakhala pansi pa GPL, laisensi yolola anthu kuisintha ndi kuigawa, choncho si zonse zimene mungaletse. Ife a zithunzi kiyi tilibe. Ndimangolemba dzina langa mu metadata (mfundo zofotokoza chithunzi zimene zimasungidwa mkati mwake) ya fayilo, ngakhale ndikudziwa kuti mawebusayiti ambiri amaifufuta chithunzi chikangokwezedwa.

Nkhani ya makapu itatha, ndinabwerera pa tsamba langa n'kupeza kuti za malaisensi ndinazibisa pansi penipeni, m'chilankhulo cha maloya. Ndinazikweza pamwamba, pafupi ndi batani logulira, m'mizere itatu: za inu nokha, za ntchito ya kasitomala mmodzi, za katundu wogulitsa. Mizere yomweyo ndinaiikanso m'kafayilo kamene kamatsika limodzi ndi patani iliyonse, kuti wotsegula foda aione asanatumize chilichonse kosindikiza.