Momwe mungajambulire miyala yonyezimira ndi foni yanu

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni ya kamera ndi wojambula, ndipo ogulitsa miyala sakudikiranso kuti wogula abwere yekha: akangotumiza chithunzi pa WhatsApp kapena Facebook, malonda ayamba. Miyala yoyenera kuijambula tili nayo kuno: agate wabuluu wa ku Ngabu ku Chikwawa, aquamarine wa ku Mzimba, ruby ndi sapphire za paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, komanso aegirine wakuda bii wa kuphiri la Malosa ku Zomba. Zimandipweteka kuona mwala wokongola ukuoneka ngati phale la botolo pachithunzi. Nthawi zambiri foni imakhala ilibe vuto, cholakwika ndi kuwala.

Yambani ndi kupukuta. Mwala wosalazidwa umasunga zidindo za zala, ndipo kamera imazionetsa zonse. Upukuteni ndi kansalu kofewa, mupukutenso diso la kamera, chifukwa foni imakhala m'thumba tsiku lonse.

Kenako zimitsani fulashi. Pamwala wosalala, fulashi imangosiya banga loyera mbee lomwe limabisa mtundu ndi mizere yake. Dzuwa la masana limachitanso chimodzimodzi. Ikani tebulo pafupi ndi zenera, kapena pakhonde pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kuzichokera m'mbali. Kukachuluka, tchingani zenera ndi nsalu yoyera yopyapyala. Mbali inayo imikani pepala loyera kuti lizibweza kuwala pamene pada. Lisuntheni pang'onopang'ono uku mukuyang'ana pa sikirini, muona mthunzi ukufewa. Babu wa m'nyumba muzimitse, chifukwa kuwala kwake kukasakanikirana ndi kwa dzuwa mtundu umasokonekera.

Pansi yalani nsalu ya mtundu umodzi, yakuda pamwala wowala, yotuwa pamwala wakuda. Chitenje chamaluwa chimalanda maso. Inunso valani malaya osawala kwambiri, pakuti mwala wosalala umaonetsa chilichonse chili patsogolo pake, ndi foni yomwe.

Musayandikire kwambiri. Foni zambiri sizionetsa bwino chithunzi mukafika pafupi zedi, choncho bwererani pang'ono, mudzadule m'mbali pambuyo pake. Tsamiritsani foni pamulu wa mabuku, dinani mwalawo pa sikirini kuti kamera ilunjike pomwepo, kenako tsitsani kuwala pang'ono ndi chala. Tcherani kawotchi ka kamera pa masekondi 3 kuti dzanja lisagwedeze.

Agate ali ndi chinsinsi chake. Amalola kuwala kudutsa, ndiye ngati chidutswacho ndi chopyapyala, ikani tochi kumbuyo kwake mutaiphimba ndi pepala loyera. Mizere yomwe imaoneka yofooka imatulukira umodziumodzi, yoyera ndi yabuluu motsatana. Apa musapupulume, tembenuzani mwalawo mpaka mutapeza mbali imene ikuonetsa bwino.

Ngati mukugulitsa, ikani rula pambali kuti kukula kudziwike, ndipo jambulani mbali zonse, ngakhale pamene pali mng'alu. Musawonjezere mtundu ndi zokometsera za m'foni, ndipo ngati mwanyowetsa mwala wosasalazidwa kuti uwale, muuzeni wogulayo. Musanatumize, ikani mwalawo pambali pa sikirini muyerekeze mitundu. Ikasiyana, sinthani malo mujambulenso.