Malangizo a kagwilitsidwe nchito ka khadi ya FAMACHA pa nkhosa

Kwa alimi a ziweto a ku Chipata ndi midzi ya m'malile, amene mumaweta ndi kugulitsana nkhosa ndi anzanu a ku Mchinji.

Njoka ya m'mimba yochedwa Haemonchus contortus imakhala m'cifu ca nkhosa n'kumayamwa magazi. Imaculuka m'dzinja, msipu ukanyowa. Nthawi zambili nkhosa sitsegula m'mimba ayi. Imangofooka, kutsalila m'mbuyo pocokela kubusa, mpaka kufa. Matendawa amaonekela m'magazi, ndipo khadi ya FAMACHA, ya mitundu isanu yoyelekezela ndi m'kati mwa diso, yomwe inapangidwa ku South Africa, imakuonetsani kucepa kwa magaziwo popanda kubaya ciweto.

Gwilani nkhosa panja powala, osati m'khola. Tsekani diso ndi cikope ca m'mwamba, dinani pang'ono, kenako kokelani pansi cikope ca m'munsi mpaka kanyama ka m'kati kaonekele. Yelekezani msanga ndi mitundu isanu ya pa khadi, cifukwa mukacedwa kanyamako kamafiila n'kukunamizani. Nambala 1 ndi 2 ndi zofiila bwino: musamwetse mankhwala a njoka. Nambala 4 ndi 5 ndi zotuwa mpaka kuyelelatu: mwetsani tsiku lomwelo. Pa nambala 3, mwetsani tiana, za bele, zoyamwitsa ndi zoonda. M'dzinja onani khola lonse pakatha milungu iwili iliyonse.

A vetenale akatenga magazi amayeza PCV, kuculuka kwa maselo ofiila. Nkhosa yathanzi imakhala pakati pa 27 ndi 45 pelesenti. Ya nambala 5 imakhala itatsika kufika pa 12 kapena kucepela apo. Mukaona kutupa kofewa pansi pa cibwano, dziwani kuti puloteni ya m'magazi, albumin, yacepa kwambili. Nkhosa imeneyo siyodikila mawa.

Conde, musamwetse khola lonse mwacizolowezi. Kutelo n'kumene kumasiya njoka zosamva mankhwala, ndipo zikafala m'mudzi, botolo limene munali kudalila silithandizanso aliyense. Pimani mlingo potengela kulemela kwa nkhosa, osati kungoganizila. Mankhwala a njoka ochedwa albendazole musapatse nkhosa imene yangotenga bele.

Khadi siisiyanitsa matenda. Njoka za m'ciwindi, zofala m'madambo mokhala nkhono, nazonso zimatha magazi. Nkhosa ikakhalabe yotuwa mutamwetsa, tengani ndowe zake zatsopano mupite nazo kwa a vetenale. Musaphe ciweto comwa mankhwala asanakwane masiku olembedwa pa botolo.